Pepala la Mafunso Odikira

Ndinalota ndikuchititsa maphunziro Loweruka, tsiku limene sindigwira ntchito ngakhale munthu atandigwadira. Kunja kuno, kumene ndakhala zaka zisanu, ntchito yanga ndi yozungulira m'maholo kuphunzitsa anthu kasamalidwe ka mijigo. Lachisanu likangokwana, ine ndi anzanga timalongeza tizikwama, Loweruka m'mawa n'kuthawira kumapiri kukapitidwa mphepo. M'malotomo tinafikadi kumapiriko, kunyumba ya alendo ya denga lofiira kumene timakonda kugona. Koma nditatsegula chitseko cha chipinda changa ndinapeza holo, mipando atayala kale, anthu ali phee kudikira ine.

Onse anali akwathu ku Linthipe, ndipo onse anali oti tinaika kale m'manda. Aliyense anapachika kakhadi ka dzina pachifuwa, inenso kanga. Kutsogolo kunakhala achemwali anga a Esinati, amene anandilerera mwana wanga Mwatitha kuyambira ali ndi zaka zinayi mpaka chaka chatha pomwe anatisiya. Maliro awo ndinawaonera pafoni nthawi ya tiyi, poti inali sabata ya maphunziro. Mwanayo pano akukhala kwa achimwene anga ndi akazi awo.

Mantha sindinachite. Ndinangochita zomwe ndimadziwa. Ndinati tiyambe ndi kudziwana, ngakhale ena mwa iwo anandisambitsapo ndili khanda. Ndinawagawa m'magulu atatu. Ndinawaimbitsa kanyimbo kowongolera miyendo, akufa n'kumadumpha mwaulemu, fumbi lili kobo. Kenako ndinamata pepala lalikulu pakhoma n'kufotokoza lamulo langa la masiku onse: funso lotichedwetsa timalilemba apa, lidikire, tiliona pomaliza. Ndi luso limene mabwana amanditamira nalo. Mtsutso uliwonse kwa ine umathera pakhoma, ndipo pomalizapo nthawi imakhala itatha, aliyense akuthamangira basi.

Achemwali anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepala lanulo ladzaza kale."

Nditacheuka, linalidi lodzaza kuyambira pamwamba. Zolembazo zinali za Mwatitha, ndipo funso linali limodzi lomwelo: Amayi, mubwera liti? Pamwamba zilembo zinali zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku, za mwana wa sitandade wani. Potsika zinayamba kuwongoka, kenako kukongola kuposa zanga. Pambali pa funso lililonse panali yankho langa la inki yofiira. Khirisimasi. Isitala. Ntchito ikachepa. Mwezi wamawa. Panalinso masiku ake, ndipo abale inu, onse anali a Loweruka. Loweruka la kumathithi, Loweruka la kokaona nyama, Loweruka lija ndinajambulitsa m'bwato nditavala chipewa chachikulu ngati lichero.

Ndinayamba kudziteteza, poti pakamwa ndiye ndinapatsidwa. Ndinati munthu si chitsulo, sabata yonse ndimaimirira mpaka miyendo kutupa, ndipo thukuta lonseli ndikukhetsera mwana yemweyo. Cholembera chimene chinali m'dzanja langa chinayankha kuti kwathu ndi maola awiri okha pandege, pomwe kumathithi tinayenda maola asanu ndi limodzi pagalimoto, tikuimba. Ndinachitseka ndi chivindikiro chake, mwano ine sindiufuna. Chinapitiriza kulankhulira m'katimo.

Achemwali anandiuza kuti ndiwerenge pansi penipeni. Pansipo panali mpata woyera, waukulu ngati chikhatho changa. Ndinati palibe cholembedwa.

"N'chimene tabwerera," anatero. "Mwana wasiya kufunsa."

Ndinafuna kulira, koma ndinachita manyazi kulira pamaso pa ophunzira. Achemwali anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ena onse analemba mawuwo m'makope mwawo. Kenako anandipatsa malangizo, modekha monga ankachitira ali moyo. Nthawi ya tiyi yakwana, mphindi khumi zokha. Nditulukire chitseko chakumbuyo, ndikamupeza kumtsinje. Akandifunsa funso lija belu lisanalire, ndiye kuti ndidakali mayi wake. Ndisamukumbutse, ndisamunyengerere ndi maswiti.

Chitsekocho chinatsegukira mu Linthipe weniweni, madzi akumenya pakhonde. Tsidya linalo Mwatitha ankatsuka mbale pamwala. Anali atatalika. Anavala diresi limene ndinamutumizira, lomuthina m'khwapa, chifukwa pogula ndinkaganiza za mwana amene ndinamusiya uja. Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zanga za ku ofesi. Imodzi inapita ndi madzi, inayo inakana kutsala yokha n'kuitsatira. Kumbuyo ndinkamva makapu akugundana ndi akufa akupemphana shuga.

Ndinaoloka. Mwanayo anapukuta manja, n'kugwada bwinobwino monga achemwali anamuphunzitsira. Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana kakhadi ka pachifuwa n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Mwaswera bwanji, a Ndaziona Kachingwe?"

Ndinati ndaswera bwino, kaya iwe. Ndinadikira. Mtsinje unkayenda, mbale zinkauma pamwala, ine ndili chilili, madzi akuchucha m'siketi. Pomaliza anatsegula pakamwa. Anati ngati ndikufuna akuluakulu, ali kumunda. Belu linalira.

Silinali belu ayi, inali hutala ya galimoto ya anzanga. Kunali kutacha, Loweruka lenileni, kachikwama kanga kali pakhomo nditalongeza dzulo. Ndinawakodola pawindo kuti adikire, n'kuimbira foni kwathu. Anayankha alamu anga, akazi a achimwene aja, ndipo ndinapempha kuti andipatse mwana.

Mwatitha anandipatsa moni waulemu. Anati kusukulu kuli bwino, mbuzi yabereka awiri, mvula yagwa Lachitatu. Atatha ndinadikira funso lija. Malangizo a achemwali ndinkawakumbuka, koma ndinalephera kupirira.

"Palibe chimene ukufuna kundifunsa, mwana wanga?"

"Ayi, palibe. Ndipereke foni kwa amayi?"

Ndinati eya, apatse.