Mabokosi Amene a Verlon Anasiya

"Nanga ili?" anafunsa Twila atanyamula bokosi lachisanu ndi chiwiri.

A Merle anakankhira magalasi awo m'mwamba, nayang'ana chithunzi cha pabokosipo, kenako anapukusa mutu. "Imeneyo ndi thiraki yonyamula mitengo. Bambo ako sananyamulepo mtengo ndi umodzi womwe. Ankanyamula nkhumba."

"Ndiye anaguliranji?"

"Ukundifunsa ine? Ineyo ndili ndi mabokosi otere makumi asanu kunyumba, sindidziwanso kuti ndinaguliranji."

Anali m'chipinda cha pansi pa nyumba, patapita masiku atatu chiikire maliro a Verlon Hustad. Khoma limodzi linali mabokosi okhaokha mpaka kudenga, lililonse lodzaza tizidutswa ta pulasitiki toti munthu amate n'kukhala kathiraki kakang'ono. Kukhoma linalo kunali mashelefu a timathiraki tomalizidwa, makumi anayi ndi kamodzi, tonyezimira ngati tatsukidwa m'mawa womwewo.

Madala omata timathiraki m'tauni yathu ino ya ku Iowa ali ndi mwambo wawo, ndipo sausintha olo mulire bwanji. Mnzawo akamwalira, banja limasankha bokosi limodzi mwa amene malemuyo sanamate. Iwo amalimata pamodzi, aliyense kachidutswa kake, n'kuliika pashelefu ya muholo yawo, dzina lake pansi. A Merle, mnzawo wa a Verlon kwa zaka makumi atatu, anabwera kudzatenga bokosilo. Linkafunika Loweruka, ndipo tsikuli linali Lachinayi.

"Palibe chovuta apa," anatero Dwight, mchimwene wake wa Twila. "Titenge yamphuno yaitali, yabuluu. Ndi imene ankayendetsa."

"Yabuluu iti? Inali yobiriwira."

"Iwe unali ndi zaka zinayi, unkadziwa chiyani?"

"Ndipo iwe unali ndi khumi, koma unkaopa ngakhale kukweramo."

A Merle anakanda m'mutu. Abuluu analipo asanu ndi limodzi, obiriwira anayi, ndipo iwowo ankakumbukira yoyera. Zinthu zake! Anthu atatu akuluakulu, aliyense ndi thiraki yake, koma malemu mmodzi.

"Tengani lililonse," anatero mawu ochokera pamwamba pa masitepe. Anali a Lorna, mayi awo, ataima pakhomo ndi kapu ya khofi. M'chipindamo anali asanatsikemo kwa zaka khumi ndi zisanu. "Tengani onse ngati mukufuna. Otsalawo Lolemba akupita kudzala."

"Amayi, musatero."

"Nditero. Zaka makumi atatu anali pamsewu, ine ndikulera inu ndekha. Atapuma ntchito ndinati eya, tsopano ndimuona mwamuna wanga. Anagona masiku awiri, tsiku lachitatu anatsika masitepe amenewa. Munthu ameneyo ankathawa ine, ana inu. Pamsewu ankathawa ine, pansipo ankathawa ine. Ndiye lero ndimusankhire chothawira?"

Tonse m'tauni muno tinkadziwa kuti a Lorna amaganiza choncho, ndipo kunena zoona ena a ife tinkagwirizana nawo. A Verlon anali munthu woti ukamufunsa za moyo, amakuyankha za nyengo.

A Lorna anabwerera kukhitchini, kumene mbale za chakudya chimene anansi anabweretsa pamaliro zinali zitadzaza tebulo mpaka pamipando.

Ndi Twila amene anavundukula nsalu imene inali patebulo logwirira ntchito. Pansi pake panali bokosi lakale, lachikasu chifukwa cha zaka, lotsegulidwa kale. Pachithunzi panali thiraki yankhope yafulati, ya kalekale.

"Iyi sanayendetsepo," anatero Dwight.

"Inenso sindikuidziwa," anatero a Merle. "Koma ndi imene anayamba. Taonani, burashi ili pomwepa."

Tizidutswa tonse tinali tisanadulidwe n'komwe. Koma pakona pa bokosilo panali kabotolo ka mankhwala a mtima, ndipo m'kati mwake munali tinthu tiwiri tofiira, tating'ono ngati njere za mpunga.

"Ndi magetsi akumbuyo?" anafunsa Twila.

A Merle anatambasula pepala la malangizo, naliwerenga kutsogolo ndi kumbuyo. "Izi si za m'bokosi muno. Anapanga yekha." Anathira tinthuto padzanja, nabweretsa galasi lokulitsira. Anayang'ana, nachotsa galasilo, nayang'ananso. Khosi lawo linafiira.

"Ndi chiyani, a Merle?"

"Ndi nsapato. Nsapato za mzimayi."

Dwight anayang'ana kumasitepe, natsitsa mawu. "Amayi savala zofiira. Ine chibadwire sindinawaonepo."

"Mwina anangoseweretsa manja," anatero a Merle, koma nkhope yawo sinkagwirizana nazo. Kenako anayang'ana kumashelefu. "Mukudziwa, ife timayamba ndi m'kati. Mipando, chiwongolero, zonse umapenta poyamba, chifukwa ukamata denga basi, dzanja silifikamonso. Zimene waikamo zimakhala momwemo, palibe amazionanso."

Twila anayatsa tochi ya pafoni, naunika pakawindo ka kathiraki koyamba. Pansi pa mpando wa wokwera panali tinsapato tiwiri tofiira, kamodzi kataima, kena katagwa cham'mbali. Anaunika kachiwiri. Momwemonso. Kachitatu, kachisanu, ka khumi. Kabuluu, kobiriwira, koyera, konse komwe anaunika.

"Mayo ine," anatero Twila. "Ndi ndani ameneyu?"

"Zimitsa," anatero Dwight. "Amayi asaone. Titenge yabuluu, tizipita."

"Ndiye tiwanamize?"

"Sitikuwanamiza, tikungokhala chete. Wamva zimene anena. Ukufuna uwonjezere zimenezi?"

Koma m'nyumba imene anthu akhala akukangana m'mawa wonse, chete ndiye amamveka kwambiri. Masitepe analira. A Lorna ankatsika chammbali chifukwa cha bondo, dzanja limodzi pakhoma. Atafika pansi anayang'ana uku ndi uku ngati mlendo.

"Mukubisa chiyani?"

"Palibe, Amayi."

"Dwight, unayamba kundinamiza uli ndi zaka zitatu ndipo mpaka lero sunaphunzire. A Merle, tambasulani dzanjalo."

A Merle anatambasula. A Lorna anatenga galasi lokulitsira, naweramira padzanjapo. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka dzanja la a Merle linayamba kutopa.

"Chitsiru cha munthu," anatero pamapeto pake, motsitsa.

"Amayi, mwina sizikutanthauza..."

"Ndi zanga izi."

Ana aja anayang'anana.

"Ndinagula ku Omaha, chaka chimene tinakwatirana. Inu munali musanabadwe, a Merle musanamudziwe. Ndinakwera naye masabata atatu, mu imeneyo." Analoza bokosi lachikasu lija. "Inali ya bwana wake woyamba. Nsapatozo zinkandithina, ndiye ndinkazivula n'kuziponya pansi pa mpando, mapazi n'kuwaika pagalasi. Tili ku Denver ndinatopa ndi fungo la nkhumba, tinakangana, ndinatsika n'kukwera basi nditavala masilipasi ake. Ndinamuuza kuti sindidzakweranso, ndipo sindinakwerenso. Nsapatozo ndinamufunsa kamodzi, anati anataya."

Anabweretsanso galasi lija pafupi. "Taonani chidendene chakumanzerechi. Ndinachikala pachitsulo chokwerera. Wapenta ndi pokalikapo pomwe."

Twila anawapatsa foni ija. A Lorna anaunika kathiraki koyamba, kenako kachiwiri. Pakachitatu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye sakanangonena? Zaka zonsezi, sakanangokwera masitepe awa n'kunena?"

"Verlon?" anatero a Merle. "Ameneyo anandiuza kuti ali ndi matenda a mtima patatha chaka, ndipo anayamba ndi za mvula."

A Lorna anaseka, kuseka kokhala ndi misozi. Anabweza tinsapato tija m'kabotolo, natseka bwinobwino, nakaika m'thumba la juzi yawo. Bokosi lachikasu lija analipereka kwa a Merle.

"Ndi limeneli. Mumate ndi anzanuwo. Koma denga musamate mpaka nditafika Loweruka. Izi ndiikamo ndekha."

"Mwambo wathu umati am'gulu okha ndi amene..."

"A Merle."

"Tidikira."

Dwight ananyamulira a Merle bokosilo mpaka kugalimoto, Twila akuwatsatira. A Lorna anatsala pansipo. Anakoka mpando wa amuna awo, naukhalira pafupi ndi mashelefu, naunika kathiraki kachinayi. Timathiraki tinali titatsala makumi atatu ndi tisanu ndi tiwiri.