Thabwa la Kuseri kwa Chitseko

Boma likafuna kudziwa ngati anthu achuluka kapena achepa, limatuma achinyamata ovala zipewa kuti ayende khomo ndi khomo. Ine sindinkavutika choncho. Kalembera wanga anali tsache. Madzulo ndikamasesa m'shopu yanga yometera, pansi pankandiuza zonse.

Pamene ndinkayamba ntchitoyi, fakitale yocheka matabwa inali pachimake, ndipo tsitsi lomwe ndinkasesa linali lakuda bii, lodzaza ndowa. Loweruka mzere unkafika mpaka pakhonde la telala. Ana ndiye osanena. Mpando wanga unali waukulu moti mwana akakhalapo ankamira, choncho ndinali ndi thabwa lomwe ndinkapingasa pamikono ya mpandowo kuti mutu ufike pagalasi. Thabwalo linasalala lokha ndi makabudula a ana, ndipo m'mphepete mwake munali zipsera za mano a kamnyamata kena kamene kanaliluma poopa makina.

Kenako mitengo inatha m'mapiri, fakitale n'kutseka. Anthu sanachoke tsiku limodzi ayi. Ankachoka ngati tsitsi la munthu woyamba dazi: lero pang'ono, mawa pang'ono, mwini wake n'kumakanabe kuti palibe chachitika. Anayamba ndi achinyamata, ati akukangoona kumzinda. Anabweradi, koma kudzatenga akazi awo ndi ana. Sukulu inaphatikiza makalasi, telala ananyamula makina ake, basi inayamba kubwera mwa apo ndi apo. Tsache langa linayamba kukokolola imvi zokhazokha, zosadzaza n'chikhatho chomwe. Thabwa lija ndinaliimika kuseri kwa chitseko, akangaude n'kumangapo nyumba.

Amene sanandisiye anali a Dazi, omwe kale anali kapitawo pafakitale paja. Mutu wawo unkawala ngati mbale yotsuka, tsitsi linangotsala kamzere kuseri kwa makutu. Komabe sabata iliyonse ankabwera, kuvula chipewa, kukhala pampando n'kunena mosaseka kuti, "Mundichepetseko pamwambapa, lachuluka." Ine ndinkawamanga nsalu m'khosi n'kuyendetsa makina pachikopa chopanda kanthu, nawonso n'kumayang'anitsitsa pagalasi, kudandaula kuti mbali iyi ndakokomeza. Tonse tinkadziwa zomwe tinkachita. Ankabwera kuti ine ndikhale ndi chifukwa chotsegulira chitseko m'mawa. Madala amenewo ndinkawakonda, ngakhale ankandinyanyula ndi makani awo osatha.

Mwana wanga wamkazi, amene amagulitsa nsalu kumzinda, anakhala akundinyengerera kuti ndisamukire kwawo. Ndinkakana. Chomwe ndinkaopa sichinali mzinda, koma kusanduka nkhalamba yongokhala pakhonde la mkamwini, kudikira kuitanidwa kuti chakudya chapsa. Munthu amene wadya za manja ake moyo wake wonse, mbale yopatsidwa imamuwawa pakhosi. Mwana wangayo anati pansi pa masitepe a nyumba yomwe amakhala pali kachipinda kokwana mpando ndi galasi, ndipo ine ndinati tidzaona. Tinaonadi: mwini shopu anabwera kudzandiuza mwaulemu kuti akufuna kuzula malata akafolere nyumba yake ya kumzinda. Ngakhale madenga anali atayamba kusamuka.

Tsiku lonyamuka, mpando ndi galasi tinazimangirira pamwamba pa basi. Thabwa ndinaliponya pamulu wa nkhuni, poti thabwa la ana n'lachiyani kwa munthu amene waiwala kulira kwa mwana. A Dazi analitola, kulipukuta ndi chipewa chawo, n'kuyamba kukangana ndi kondakitala mpaka analilowetsa pansi pa mpando wanga. Ndinawauza kuti akundinyamulitsa zinyalala.

"Achimwene," iwo anatero ali pawindo, "ana sanathe padziko. Angosamuka."

Ndinawafunsa kuti nanga iwo aziwameta ndani. Anayankha kuti azisunga tsitsi, likhale lalitali ngati la oimba. Basi inanyamuka, ndipo thabwalo linandigunda akakolo ulendo wonse.

Kumzinda ndinapeza anthu onse amene ankasowa kwathu, kuwonjezera ena ochokera kumadera ena amene nawonso anatsala mabwinja. Nyumba pamwamba pa nyumba, zovala zoyanika zikutsekereza dzuwa, mnansi akayetsemula iwe n'kuyankha. Pampopi mzere, pabasi mzere, ngakhale pokhota pa masitepe munthu umayenera kupempha njira. Ndinati apa ndiye ndafika, mitu yonseyi sindiimaliza.

Ndinadzinamiza. Ometa anali pangodya iliyonse, anyamata a wailesi zaphokoso, ojambula mizere ndi nyenyezi m'mitu ya anzawo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu anadza ndi kalumo kachikale, ndipo anthu ankasuzumira m'kachipinda kanga n'kupitirira. Madzulo ndinkasesa fumbi la nsapato za odutsa, lopanda n'katsitsi kamodzi komwe. Mkamwini, munthu wabwino, ankanditsikira ndi kapu ya tiyi n'kundiuza kuti ndisadandaule, pakhomo pano sindisowa kanthu. Ankanena zoona, ndipo n'zomwe zinkandipweteka kwambiri. Ndinayamba kuganiza zogulitsa mpando, ndikwere pamwamba ndikavomere ukalamba.

Loweruka lina m'mawa ndinamva kulira kukutsika ndi msewu. Analowa bambo wina wamimba yake, atanyamula kamnyamata kofuula ngati akukasenda. Anati wayenda kwa ometa angapo, onse akana, ati mwanayo akuthawitsa makasitomala. Mwana wanga wogulitsa nsalu uja ndiye anamuuza kumsika kuti ine ndili kuno. Zoti wakhala akuuza aliyense wa kwathu amene wadzagula nsalu, ine sindinkadziwa.

Tinamukhazika pampando, mwana n'kumira, kulira n'kuwirikiza. Ndinatambasula dzanja kuseri kwa chitseko osaganiza n'komwe, poti ndi komwe ndinaliimikanso thabwa lija. Bamboyo ataliona anandilanda, n'kulitembenuza, chala chake chikuyenda m'mphepete mpaka chinaima pazipsera zija.

"Madala, mano angatu awa," anatero, n'kuseka mpaka misozi. Anamuonetsa mwanayo. "Taona, nanenso ndinkalira pomwepa, mpaka ndinaluma thabwa. Iwe ungalume kuposa ine?"

Kamnyamatako kanasiya kulira kuti kaone bwino. Kanayeza mano ake pazipserazo, ndipo pamene kankatanganidwa ndi zimenezo, ine ndinali nditamaliza mbali imodzi. Tsitsi linagwera pansi, lakuda, lofewa. Sindinalisese msanga tsiku limenelo.

Nkhani inayenda. Kunapezeka kuti theka la kwathu limakhala m'misewu yomweyi, ndipo onse anabereka. Anyamata a nyenyezi aja alibe mtima wodikira mwana wolira, ine ndili nawo wochuluka, poti ndinausunga zaka zonse zija. Tsopano Loweruka mzere umakwera masitepe, mkamwini n'kumadandaula moseka kuti akusowa podutsa kunyumba kwake komwe. Tiyi amabweretsabe, ndipo masiku ano amatsika bwino pakhosi.

Mwezi utatha ndinaika makina a mabatire m'chikwama n'kukwera basi yobwerera. Popita inali yopanda anthu, moti ndinatambasula miyendo pamipando iwiri. Shopu yanga ndinaipeza ili makoma okha. A Dazi anali pakhonde pawo, ndipo atandiona sanadzuke, anangovula chipewa. Kamzere kakuseri kwa makutu kaja kanali katakula, koyera, kosapesa, kakugwera pakolala. Kunalibe amene anawakhudza m'mutu chichokereni ine.

Ndinali nditakonza mawu ambiri othokoza m'basi muja, koma nditayamba anandidula, ati ndabwera kudzameta kapena kudzalalika. Ndinawamanga nsalu m'khosi.

"Lakuda lilipo kumeneko?" anafunsa, maso ali kutsogolo.

"Lilipo. Tsache likuchita kuperepeseka."

Anagwedeza mutu. Kenako analoza pamwamba pa dazi lawo.

"Ndiye mundichepetseko apa, lachuluka."

Ndinayamba ndi pamwambapo, monga mwa masiku onse, ndipo ndinameta pang'onopang'ono mpaka basi yobwerera inaliza hutala kachiwiri.