Kuwoloka Mlatho wa Gani

Chichitikireni namondwe uja amene anagumula mapiri ndi kusefukitsa mitsinje ya ku Mulanje, Winston sanalole munthu aliyense kutchula mng'ono wake Ganizani kuti malemu. Ganizani anali wa kabaza wa njinga yamoto. Madzi a Thuchila anamukokolola m'mawa wina akuyesa kuwoloka. Njinga inapezeka kumunsi itakwiririka mumchenga, koma mwini wake sanaoneke, ngakhale nsapato yake. Anthu anafufuza m'mabango ndi m'matope kufikira mphamvu zinawathera.

Mwambo wa zotere ulipo. Munthu akasowa m'madzi, abale amadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'nsalu, naliika m'manda monga mtembo, kuti maliro aliridwe, mzimu upeze pogona, ndipo wamasiye asudzulidwe. Koma thunthulo silidulidwa popanda mawu a mwini mbumba, ndipo malume awo atatsogola, udindowo unagwera Winston. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, iye akukanabe.

Loweruka lina m'mawa kunafika a Jailosi, malume a Sharon, mkazi wa Ganizani. Sharon anakhala pamkeka chapatali, atavala zakuda zimene zinali zitayamba kutuwa chifukwa chochapachapa.

"Bambo a Thoko," anatero a Jailosi kwa Winston, "sitinabwerere mkangano. Mwanayu akadali wamng'ono. Kodi ndi wamasiye, kapena ndi wapabanja? Ngakhale kumpingo akusowa pomukhazika."

"Nanga akatulukira mawa?" anayankha Winston. "Madzi aja anataya anthu mpaka ku Mozambique. Akadzafika n'kupeza manda ake, ine ndidzamuuza chiyani?"

Sharon anayankhula maso ali pansi. "Alamu, njinga iliyonse ikamveka pamsewu ine ndimaimirira. Ndatopa kuimirira."

A Jailosi ananyamula chipewa chawo. "Mawa tikaweruka kutchalitchi tidzabwera kudzamva mawu omaliza. Mukadzakananso, tidzamutenga wosasudzula, ndipo ubale wa mabanja athu udzathera pomwepo. Ana a Ganizani adzakula osadziwa khomo lino."

Masana Winston anapita ku Chonde, osati chifukwa chofuna kanthu, koma chifukwa nyumba inamuchepera. Akudutsa kuseri kwa msika, pakati pa ogulitsa nandolo ndi osoka nsapato, anamva kanyimbo kamene kanamuimitsa ngati wapondedwa chidendene. Anali mawu a chitoliro, okwera pang'onopang'ono. Anali malikhweru a Ganizani enieni, amene ankaimba potsuka njinga, pometa ndevu, podikira makasitomala pa siteji. Winston anatembenuka. Panalibe Ganizani. Nyimboyo inkachokera m'kanyumba ka Pilato.

Pilato ndiye anali woyamba kubweretsa magemu apakanema ku Chonde, kale Winston ndi Ganizani akadali pasukulu. Mwa magemu onsewo munali ina yaitali, yokhala ndi nthano, imene munthu ankaisewera miyezi, akuyenda m'midzi ndi m'nkhalango, akumenyana ndi zilombo. Dzina lake lachizungu palibe ankalitchula. Onse ankangoti gemu ya Mlatho. Abale awiriwo ankaisewera mogawana ntchito: Winston ankawerenga Chingelezi n'kumamasulira, Ganizani ankagwira mabatani.

Poyamba penipeni gemuyo inkafunsa mayina a anyamata awiri a m'nthanomo, ndipo malo a zilembo anali ochepa. Wamkulu, wonyamula lupanga, anamutcha WINI. Wamng'ono, woliza chitoliro, anamutcha GANI. Sankadziwa kuti pakati pa ulendo pali mlatho wa zingwe, ndi kuti pamlathopo woliza chitoliro amagwera m'madzi osabwereranso. Tsiku limene anafikapo, GANI atagwa, chitoliro chitangoyamba kulira, Ganizani anazimitsa makina.

"Ine sindingafe chopusa choncho," anatero. "Njira ina ilipo."

Kuyambira pamenepo sanawoloke. Ankabwerera kumene anasungira ulendo wawo, tsidya lino la mlatho, n'kuyesa zina: kugula chingwe, kulankhula ndi nkhalamba iliyonse ya m'mudzi, kufika pamlatho chobwerera m'mbuyo monga ananamizidwira ndi anyamata a ku Chitakale. GANI ankagwabe, ndipo chitoliro chikangoyamba, iye ankazimitsa. N'chifukwa chake malikhweru ake ankathera m'malere nthawi zonse, ngati funso. Ngakhale atakwatira, ankapitabe kwa Pilato mwa apo ndi apo kukayesanso.

Winston anakankha nsalu ya pakhomo nalowa. M'katimo munali anthu akuluakulu, amene anakulira gemu imeneyi, atakhala pamabenchi a ana. Kanema anali watsopano, wotambalala, ndipo chitoliro chija, chimene kale chinkalira pamlatho pokha, tsopano chinali chitamira m'ng'oma ndi magitala.

"A kapitawo afika!" anakuwa Bryson, telala wa pamsika, potchula ntchito ya Winston ya ku esiteti ya tiyi. "Bwerani mudzaweruze. Azungu aja aiphikanso gemu ya Mlatho. Msuweni wa Pilato watumiza kuchokera ku Joni."

"Aiphika bwino," anatero Maureen, mphunzitsi, amene pa utsikana wake ankaposa anyamata onse pa mabatani. "Taonani madziwo, ngati ungatunge. Kale anthu anali timabokosi toyenda."

"Timabokosi tomweto tinakulizani, amayi aphunzitsi. Ndinakuonani ine, mamina mpaka pachibwano."

"Chinali chimfine."

"Nanga nyimboyi? Nyimbo ya maliro aisandutsa tchopa! Kwatsala n'kumanga zikopa m'chiuno."

"Iwe Bryson, chilichonse chatsopano chimakuwawa. Ndi chifukwa chake ukusokabe mabuluku a m'nthawi ya agogo ako."

Anthu anaseka. Pilato, amene imvi zinali zitamuyera m'mbali mwa mutu, sanaseke. Anayang'ana Winston, kenaka anayang'ana kanema, nati chapansipansi, "Achimwene, mwina mubwere tsiku lina. Ali pafupi ndi mlatho."

"Ndaona," anatero Winston, nakhala pansi.

Maureen ndiye anali pa mabatani. Anyamata awiri a m'nthanomo anakwera mlatho, mphepo ikugwedeza zingwe. Madzi anatupa, ofiira ngati a Thuchila tsiku lija. Chingwe chinaduka, ndipo woliza chitoliro anagwa. Chitoliro chinayamba, kukwera monga kale, ndipo Winston anapeza kuti wagwira benchi ndi manja onse awiri. Koma pamene malikhweru a Ganizani ankathera, ng'oma zinabuka, kuwala kunang'amba madzi, ndipo mnyamata uja anavuuka atagwira muzu wa mtengo, akuseka.

"Wapulumuka!" anakuwa Maureen, ndipo ena anawomba m'manja. "Zaka zonsezi! Ganizani ankanena zoona, njira inalipo!"

Atangotchula dzinalo anagwira pakamwa. Bryson anayang'ana pansi.

Winston sanamve kuwawa kumene iwo ankaopa. Anayang'anitsitsa mnyamata wovuukayo, pakuti ichi ndicho chimene iye anakhala akuchiona m'maganizo tsiku ndi tsiku: munthu akutuluka m'madzi, akuseka, akunena kuti mwada nkhawa pachabe. Koma nkhope imeneyi inali yojambulidwa bwino kwambiri, ya tsitsi lasiliva ndi mano oyera, nkhope ya mwana wa eni ake. Kabokosi kakale kaja kanalibe nkhope, ndipo chifukwa cha chimenecho kankavala nkhope ya Ganizani. Pansi pa chithunzicho panalembedwa dzina lachilendo.

"Dzinalo mungalisinthe?" anafunsa.

"Ayi," anayankha Pilato. "Yatsopanoyi imabwera ndi mayina ake. Amayankhula ndi mawu tsopano, ndiye sangatchule dzina la aliyense."

Mnyamatayo anali kuyankhuladi, mawu osalala, kuseka nthabwala zake, zovala zitauma kale. Mkulu wake anamukumbatira ndipo ulendo unapitirira ngati palibe chachitika. Amene anatuluka m'madzimo sanali amene anagweramo.

"Pilato," anatero, "makina akale aja alipo?"

Pilato anazengereza, kenaka analowa kuchipinda nabwera ndi makina otuwa ndi fumbi, ndi kachitini ka mafuta odzola momwe ankasungira kakadi ka maulendo a osewera. Anawalumikiza ku kanema wakale wa chimsana amene anali pakona. Anapukuta chimbale cha gemuyo ndi malaya ake, nayesa, nayesanso, ndipo makinawo anadzuka ngati nkhalamba. Maureen anatsitsa mawu a gemu yatsopano popanda womuuza.

Pa kakadiko panali ulendo umodzi wokha umene Pilato sanaufufute. WINI ndi GANI, tsidya lino la mlatho.

Winston anatenga mabatani. Anali osalala, otha mbali imene chala cha Ganizani chinkadina. Manja ake sankaidziwa ntchito imeneyi. WINI anagunda mtengo, nazungulira, nagundanso.

"Chala chamanzere, a kapitawo," anatero Bryson mofatsa. "Pang'onopang'ono, ngati mukuthyola nsonga za tiyi."

Timabokosi tiwiri tinakwera mlatho, kamodzi patsogolo, kena pambuyo. Madzi, amene anali mizere chabe yobiriwira, anakwera. GANI anagwa. Panalibe kukuwa, panalibe kuwala. Kabokosiko kanangotsika n'kusowa. Chitoliro chinayamba, chopyapyala, chokha, ndipo dzanja la Winston linanyamuka lokha kulunjika pozimitsira, monga dzanja la mng'ono wake linkachitira. Analibweza naliika pabondo.

Nyimbo inafika pamene malikhweru ankathera, ndipo inapitirira. Winston anali asanamvepo mbali imeneyi. Itakwera, inkatsika, mwapang'onopang'ono, monga anthu amatsikira kuchokera kumanda, mpaka inakagona pa liwu limodzi lalitali. Funso lija linali ndi yankho lake, ndipo Ganizani anapita asanalimve.

Panja panaima njinga yamoto, pakhomo penipeni, injini ikulira chapansi. Nsalu ya pakhomo inagwedezeka. Palibe analowa. Winston anafuna kutembenuka, koma maso anawasiya pa kanema. WINI anali ataima yekha tsidya lina, akuyang'ana madzi. Nyimbo inatha, ndipo inayambanso. Inathanso, inayambanso.

"Sayenda bwanji?" anafunsa Winston.

"Akudikira inu, achimwene," anatero Pilato. "Nyimboyi siitha yokha. Imazungulira mpaka mutadina. Mukhoza kumusiya pamenepo chaka chathunthu."

Winston anaganiza za Sharon, ndi zakuda zake zotuwa, akuimirira njinga ikamveka. Sanali iye yekha amene anaima pagombepo. Anaimika mkazi ndi ana pambali pake, mabatani ali m'manja mwake.

Anadina.

WINI anawerama, natola chitoliro chimene madzi analavula, natembenuka. Kutsogolo kwake kunatseguka njira yopita kuchigwa chimene abale awiriwo anali asanachionepo. Panja njinga ija inalira mokweza, nichoka, mawu ake akucheperachepera cha ku Thuchila.

"Ndisunge?" anafunsa Pilato. "Ndikasunga apa, za tsidya lija zifufutika. GANI sadzaonekanso."

Maureen anali kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo Bryson sanamuseke.

"Sunga," anatero Winston.

Sanadikire Lamulungu. Anadzera kwake kukatenga chikwanje, nalunjika kumudzi kwa Sharon dzuwa likupendeka, phiri litavala mtambo kumutu. Sharon anamuona akubwera, naona chikwanjecho. Anatuma mwana kukaitana a Jailosi.

"Mlamu," anatero Winston, "nthochi zimene anabzala yekha ndi ziti?"

Sharon anamutsogolera kuseri kwa nyumba, kumene madzi a pabafa ankatsikira, naloza phata la nthochi zazitali. Anayenda pakati pake akuzikhudza imodziimodzi, kufikira anaima pa ina yowongoka, yosabereka.

"Iyi," anatero. "Ndi msinkhu wake."

A Jailosi anafika akupuma mwawefuwefu, navula chipewa. Winston anagwira thunthulo ndi dzanja lamanzere. Linali lozizira ngati munthu wochokera kumtsinje. Anatchula dzina la mng'ono wake lonse, mokweza, monga amaitanira munthu amene ali tsidya lina, ndipo anatema. Madzi a nthochi anatuluka ambiri, natsikira m'mkono mwake mpaka m'chigongono. Pamenepo Sharon anagwada pansi nayamba kulira maliro a mwamuna wake, ndipo amayi a m'nyumba zoyandikana, atamva, anayamba kutuluka mmodzimmodzi atafunda zitenje.