Manja a Gadiyani

Galimoto inali itadutsa kale tauni ya Kokomo pamene a Bizwick anazindikira kuti akhala akuyankhula okha.

"Amake Shalom, mwagona?"

"Sindinagone."

"Nanga ndati chiyani?"

Maganizo a Magdalene anali kutali. Maso ake anali pa minda ya chimanga yokololedwa kale, yoyera mbee ndi sinowo mpaka kumene inakumana ndi thambo. Koma iye sankaona sinowo. Ankadziona ali mu yunifolomu yabuluu, akutsegula chitseko cholemera cha chipinda china ku Lilongwe. Azimayi anali atandandalikana pabenchi ndi zitenje zawo, iye akuwaitana mmodzimmodzi: bwerani mayi, musaope, sizipweteka.

"Mwati petulo wakwera," anatero.

"Petulo wa chiyani? Ndati Shalom akudandaula. Akuti mwina mudzavala gauni chaka chimodzi ndi iye, ndiye mudzamuchititsa manyazi ndi nthungululu zanu muli pamzere womwewo."

"Mumuuze kuti ndidzaimba ziwiri. Yake ndi yanga."

Zaka za Magdalene zinali zitayandikira makumi asanu. Chifikireni ku South Bend ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa. Mtima wake unali pa ntchito ina, yoyendetsa makina owotcha khansa, amene kuno amangoti a rediyesheni. Koma yunivesite ya ku Indianapolis sitenga munthu chifukwa cha mtima. Satifiketi yake ya folomu folo inali yakale kuposa ena mwa aphunzitsi, choncho anamuuza kuti ayambe wadzera ku makalasi okonzekera pa koleji yaing'ono ya m'dera lawo. Anakakhala pakati pa ana a msinkhu wa Shalom, n'kumalimbana ndi masamu, fizikisi ndi mayina a mafupa. Masamu anamugwetsa ulendo woyamba. Anabwereza, anakhoza.

Chinatsala chinali chimodzi: kushadowa, ndiko kuti kuima pambali m'chipatala n'kumaonerera ogwira ntchitoyo, kenaka mmodzi wa iwo achitire umboni kuti munthuyu waonadi ndipo akuyenera. Popanda umboni umenewo pempho lake silikanalandiridwa mu Januwale, ndipo akanadikira chaka china. Chaka kwa mwana si kanthu. Kwa munthu amene mawondo ayamba kumuuza za nyengo, chaka ndi katundu.

"Koma lero manja m'thumba," anatero a Bizwick akuimika galimoto pakhomo pa chipatala, m'katikati mwa mzinda wa Indianapolis. "Ndimakudziwani inu. Mukalowa m'nyumba ya eni mumayamba kutsuka mbale asanakupatseni moni."

"Inu pitani ku Beech Grove mukadye za ankolo anu. Za manja anga zisiyeni."

Gawo la rediyesheni linali pansi penipeni pa nyumbayo. Anamulandira Chrissie, mtsikana wachizungu amene Magdalene akanatha kumubereka, wa Chingerezi chothamanga ngati akuthawa mvula.

"Ntchito yanu lero ndi maso. Musakhudze makina, musakhudze bedi, musakhudze wodwala. Mafunso pambuyo. Tikamatuluka m'chipinda, inunso mutuluke. Mwamva?"

"Ndamva."

Anamvadi. Pasapezeke wonena kuti sanamuuze.

Chipindacho chinali cha zipupa zochindikala, chakachisisira, chozizira. Kudenga anajambulako nthambi za mtengo wamaluwa ndi thambo lopanda mtambo, kuti wogona chagada aziona kunja komwe kulibe. Timizere towala tobiriwira tinkachokera m'zipupa n'kupingasana pamwamba pa bedi, toonda ngati ulusi. Makinawo ankazungulira mwakachetechete, n'kuima, n'kuweramira wodwala ngati ng'ombe yaikulu yofatsa ikununkhiza mwana wake. Magdalene anaima pakona, manja atapinda, mtima ukuyandama. Zaka zonse zija ankawaona pa zithunzi za m'mabuku. Lero ankamva kupuma kwake.

Chinthu chimodzi chokha chinkamubaya. Wodwala akagonekedwa bwino, onse ankatuluka, chitseko n'kutsekeka pang'onopang'ono, munthu n'kutsala yekhayekha ndi makina. Ankangomuonera pa kanema kunja. Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Gadiyani amagona pansi pa bedi, amadzuka wodwala akatsokomola, amadziwa mbali imene yatopa mwiniwake asananene.

Magdalene anakhalapo gadiyani. Wodwalayo anali mkulu wake Evelina, ku Blantyre, khansa ya khomo la chiberekero. Masiku amenewo makina otere m'dziko munalibe. Madokotala anati mwina adzamutumiza kunja, ndipo banja lonse linadikira mwina ameneyo mpaka Evelina anatha ngati sopo. Mankhwala amene Magdalene anali nawo anali manja basi. Ankapinda chitenje n'kuchilowetsa pansi pa chiuno cha mkulu wake, pomwe fupa linkadya matiresi, ndipo Evelina ankatulutsa mpweya wautali n'kunena kuti, "Apo, Magi. Apo pomwepo."

Chakumasana analowa mayi wina wokalamba, wowonda, dzina lake Lucia. Anali atachitidwa opaleshoni ya bere lakumanzere. Anayenera kugona chagada, chifuwa chili pamtunda, mikono yonse atakweza kumutu. Phewa la mbali yodulidwayo linali louma, ndipo kungolikweza kokha kunali nkhondo. Pakhungu pake panali timadontho takuda tating'ono ngati nthanga za bonongwe. Chrissie ndi mnzake anayamba kumusuntha pang'onopang'ono, uku kukoka nsalu, uku kukankha nthiti ndi nsonga za zala, kufuna kuti timizere tobiriwira tija tigwere ndendende pa timadonthoto. Zinatenga nthawi. Pomaliza Chrissie anati, "Bwino. Musasunthenso, mayi," n'kutembenuka kukawerengera mnzake manambala pa kanema wa pakhoma.

Magdalene anaona phewa lija likunjenjemera. Anaona msozi ukutuluka pakona ya diso, n'kutsetsereka kulowera kukhutu. Mayiyo sanadandaule, anangoluma mlomo n'kuyang'ana maluwa a kudenga.

Chipinda chinasungunuka. Fungo linasintha, kunamveka mawilo a machira ndi nyimbo ya azimayi a mpingo kuwodi yoyandikana. Pabedi panali Evelina. Pampando panali thaulo. Miyendo ya Magdalene inayenda yokha, manja anapinda thaulolo kawiri monga amachitira tsiku lililonse kuntchito, dzanja lina linanyamula phewa mofewa, lina linalowetsa thaulo pansi pake.

"Aaa, zikomo," ananong'ona Lucia.

"Mwatani?"

Mawu a Chrissie sanali okweza, koma anabweza chipinda chonse m'malo mwake. Magdalene anayang'ana pachifuwa cha mayiyo. Timizere tinali pena, timadontho pena.

"Phewa limawapweteka," anatero Magdalene.

"Ndikudziwa kuti limawapweteka. Pansi pa timadonthoti pali mtima ndi mapapo. Mukawasuntha ngakhale pang'ono chabe, moto umene tikulozetsa pa khansa ukagwera pa mtima. Chotsani thaulolo. Ayi, musachotse, ndichotsa ndekha. Kadikireni kunja."

Anatuluka, koma kanema wa panja uja sanamubisire kanthu. Anaona akutsitsa mikono ya Lucia kuti ipume, kenaka akuikwezanso. Ulendo uno mayiyo anakuwa. Anayambiranso zonse, kukoka nsalu, kukankha nthiti, pamene odwala ena pabenchi ankayang'ana wotchi. Ululu umene ukanatha msanga unatalika kawiri, ndipo amene anautalikitsa ndi Magdalene.

Anakakhala m'chipinda chodikirira, pafupi ndi galasi lalikulu la nsomba, n'kuimba foni.

"Bambo a Shalom, bwerani mudzanditenge."

"Mwamaliza kale? Kapena akupatsani digiri lero lomwe?"

"Ndagwira wodwala."

A Bizwick anapumira m'mwamba.

"Paja ndinati chiyani pakhomo paja? Chifundo chinapha nkhwali, amake Shalom."

"Bola chikanapha nkhwali. Nkhwali ili pano, ili bwinobwino. Walira ndi munthu wina."

"Akuthamangitsani?"

"Sanatero. Koma ine ndaona. Ntchitoyi si yanga. Ndibwerere kwa agogo anga aku South Bend, kumene manja sachimwa."

"Masamu aja munaliranso chonchi, mpaka ine ndinaphunzira kuphika."

"Izi si masamu."

"Chabwino, ndikubwera. Koma msewu ukuterera, ndiyenda pang'onopang'ono. Mwinanso ndiyambe ndamaliza tiyi."

Nsomba zinkayenda m'madzi osapita kulikonse. Magdalene anaziyang'ana mpaka maso analemera, ndipo chipinda cha ku Lilongwe chija chinabweranso. Benchi inali yomweyo, zitenje zomwezo. Anaitana mayi woyamba, anamugoneka, anamukweza mikono. Mayiyo anayamba kulira. Apa ndi pomwe malotowo ankathera masiku onse, iye atagwira dzanja la wodwala, kuwala kukulowa pawindo. Koma chipinda chenicheni chilibe windo. Lero malotowo anapitirira: anadziona akuchotsa dzanja lake m'dzanja la mayi wolirayo, akutembenuka, akutuluka, akudina batani lotseka chitseko. Pa zaka zonse za makalasi okonzekera, palibe anamuphunzitsa zimenezo, ndipo iye anali asanazilotepo.

Chrissie anabwera n'kukhala pampando woyandikana naye, kapu ya khofi ili m'manja.

"Umboni wa lero sindipereka. Sindinganene kuti munaonerera, chifukwa simunaonerere."

"Ndi zoona. Pepani."

"Mumagwira ntchito ndi okalamba, eti?"

"Eya. Ndiponso kwathu wodwala akabuula, womuyang'anira sadikira kuuzidwa."

"Kuno amadikira. Ine sabata yanga yoyamba ndinkakalirira kubafa. Makina aliyense atha kuwaphunzira. Chovuta ndi kuona munthu akumva ululu, iwe ukudziwa pomwe pakupweteka, n'kumusiya choncho mpaka makina amalize. Ena sangathe, ndipo si anthu oipa. Angoyenera ntchito ina." Anamwa khofi. "Lachinayi ndili ndi malo. Mukabwera, tiyambira pachiyambi. Mukadzagwiranso munthu pabedi paja, ndidzauza a kuyunivesite ndekha kuti asakutengeni."

Anaimirira n'kubwerera kuntchito, osadikira yankho.

Patapita kanthawi chitseko cha chipinda chovalira chinatseguka. Lucia anatuluka akulimbana ndi chijasi chake. Mkono umodzi unali utalowa, koma wa mbali yodwalayo unkakana kubwerera m'mbuyo, ndipo chijasicho chinkangolendewera. Magdalene anadzambatuka, n'kufika pafupi, n'kuima. Manja ake anali atanyamuka kale. Anawagwiranitsa pamimba.

"Mayi, ndikuthandizeni?"

Lucia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu wa thaulo uja."

"Ndine. Ndakulakwirani kwambiri." Mawondo a Magdalene anayamba kupinda okha, monga achitira munthu popepesa wamkulu.

"Imani bwino, mukagwa ine sindingakudzutseni. Gwirani chijasichi. Kunja kuno ndigwireni mmene mungafunire."

Magdalene anatsitsa chijasicho, analowetsa mkono wodwalawo poyamba, kenaka winawo, n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Mayiyo sanabuule ngakhale pang'ono.

"Mukuidziwa ntchito yanu," anatero Lucia. "Thaulo lija ndi chinthu chokoma kwambiri chimene chandichitikira m'nyumba muno. Koma ndalilirira, mwana wanga. Phewali usiku walero siligona."

"Pepani, mayi."

"Pepani sachiza khansa. Ine ndikufuna ndidzaone mdzukulu wanga akukwatiwa, ndipo ndikufuna ndidzapite ku ukwatiwo ndi mtima wosapsa. Mukuphunzira ntchitoyi pa msinkhu umenewu?"

"Ndimafuna kutero."

"Mumafuna, kapena mukufuna? Ine ndimabwera tsiku lililonse mpaka mwezi uthe. Ndidzakuonaninso?"

Magdalene anayang'ana chitseko cholemera chija kumapeto kwa khonde. Chinali chikutsekeka, munthu wina ali m'kati yekha, ndipo pamwamba pake panayaka nyali. Anachiyang'ana osaphethira mpaka chinatsekeka chonse.

"Lachinayi," anatero. "Ndidzabwera Lachinayi."

Lucia anatenga ndodo yake n'kumugogoda nayo pansapato.

"Ndiye tamverani. Ndidzaliranso, chifukwa phewali silidzachira pofika Lachinayi. Mukadzaona misozi, mudzaisiye itsike. Mudzaime pomwe ndingakuoneni, mudzandiuze kuti zatsala pang'ono, kenaka mudzatuluke ndi anzanuwo n'kutseka chitseko. Lero mwandichitira chifundo. Lachinayi mudzandichitire zabwino kuposa pamenepo."