Mango a Mkamwini

Mudzi umene anakulira Elenala unali kumunsi kwa Mwambo, kufupi ndi pamene mtsinje wa Likangala umamwazikira m'dambo. Unali wa mabanja ochepa, odziwana mpaka fungo la ndiwo. Kumtunda kunali nyumba za mbumba ya a Gerishomo, atsibweni ake, mkulu wa mpingo amene ankayimba nyimbo za Mulungu ngati akukalipira mbuzi. Kutsidya kwa kanjira kunali a Mussa, opikula matemba n'kukagulitsa ku Zomba pa njinga, ndi akazi awo a Hadija. Mwana wawo Zuhura ndiye anali mnzake wa Elenala wa ponda apa nane ndipondepo. Phada limodzi, masanje limodzi, kukwapulidwanso limodzi akachedwa kuchitsime. Pa Khirisimasi nkhuku ankapita nayo kwa a Mussa kuti aichinje mwa Chisilamu, onse adye. Pa Idi mbale ya mpunga wa a Hadija inkadutsa kanjira kaja yofundikira bwino.

Elenala akamakumbukira kwawo amayambira pamenepa, ndipo nkhope yake imawala. Koma musanamizike, abale. Mudziwo unali ndi mano.

Bambo ake, a Saulos, anali mkamwini. Anaoloka nyanja ya Chilwa ali kamnyamata, kuthawa Apwitikizi, ndipo mayi awo anafera m'njira. Abale ena anamwazikira kuminda ya tiyi, osamvekanso. Ndiye mukati "kwawo kwa a Saulos," mukunena malo amene kulibe. Atakwatira a Sofiya, mlongo wa a Gerishomo, anagwira ntchito ngati ng'ombe: anaswa mphanje m'dambo n'kubzala mpunga, anamanga nyumba ya chitseko cha matabwa, ndipo akachokera kunyanja nyumba iliyonse inkalawako mlamba. Cholakwa chawo chinali chimodzi. Anabzala mango kuseri kwa nyumba.

Inu a masiku ano mukuti nanga mango ndi mlandu? Unali mlandu, wosaseketsa. Mkamwini ankabzala zokolola chaka chomwecho: chimanga, mpunga, nandolo. Kubzala mtengo kunali kuuza eni mudzi kuti nthakayi ndi yanga, pano sindichokapo. A Sofiya ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake aliyense akafunsa ankayankha msanga kuti anabzala ndi iwo, ndi manja awoawo, pa nthaka ya mayi awo. Nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka a Sofiya anadwala chifuwa, n'kumwalira. Chinali chaka chija anthu ankanong'onezana za Chitaganya, Elenala ali ndi zaka ngati khumi. Atameta maliro, panatsala nkhani imodzi yoti mbumba iweruze: kuwasudzula a Saulos azipita, kapena kuwasunga. Amayi akuluakulu ankafuna kuwasunga. Panali a Emma, msuweni wa malemu, amene amuna awo anatchona ku Halale, ndipo amayiwo ankati a Saulos angolowa kumeneko, mwana akule akuona bambo ake. A Gerishomo ankangodutsa pa nyumba ija pafupipafupi, n'kumayang'ana chitseko.

Elenala sankagona nazo. Amayi apita, ndiye abambonso apite? Anakalira kukhitchini kwa a Hadija, ndipo mayiwo anamupukuta misozi ndi chitenje chawo.

"Usalire, mwanangu. Akakufunsa, uwayamikire bambo ako. Unene zabwino zonse anachita pamudzi pano, usasiyeko n'chimodzi chomwe."

Malangizo abwino, ochokera pansi pa mtima. Kungoti a Hadija za mango sanaziganize.

Tsiku la nkhaniyo mbumba inakhala pabwalo. A Saulos anakhala chapatali, pansi, mutu wometa uli pakati pa mawondo. A Mussa ndi a Hadija anabwera ngati anansi, n'kukhala kumapeto. Amayi aja analankhula mokomera mkamwini, nkhani ikuoneka kuti ikupita bwino. Pamenepo a Gerishomo anakhosomola.

"Timumve mwanayu, ndiye mwini nkhani. Tabwera kuno, Ele."

Mawu ofewa, inu, ngati si iwo. Elenala anagwada patsogolo pawo mwamantha.

"Bambo akowa ndi aulesi?"

"Iyayi, atsibweni! Mpunga wonse wa kudambo analima okha."

"Eya. Nanga nyumba ija?"

"Anamanga okha. Chitseko anachita kusenza pamutu kuchokera ku Kachulu."

Amayi aja anagwedeza mitu, ena kumwetulira. Elenala anaona kuti zikuyenda, mantha n'kumuthera.

"Koma mango aja ndiye ndi a malemu mayi ako," anatero a Gerishomo, akutokosa m'mano ndi kaudzu. "Pamenepo bambo ako sanagwirepo."

A Saulos anadzutsa mutu. Anamuyang'ana mwana wawo, maso ali tong'o, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Koma Elenala anali atawapatsa msana. Iye anangomva kuti akufuna kuwalanda bambo ake ulemu, ndipo sakanalola.

"Iyayi! Anabzala ndi ababa! Amayi ankangonena. Mbewu anachokera nazo ku Zomba, ine ndinkathirira. Anandiuza kuti mitengo imeneyi idzatidyetsa iwo ndi ine mpaka adzakalambe, pano pomwe!"

Anamaliza akumwetulira, kuyembekeza kuti amuyamikire. A Emma anaphimba kukamwa ndi dzanja. A Hadija anaweramira pansi.

"Mwamva nokha," anatero a Gerishomo, mawu enieni atabwerera. "Sindinanene ndine. Mlongo wanga ali moyo, munthuyu anali atadzigawira kale nthaka yathu. Mpaka adzakalambe! Lero mango, mawa adzaitana abale ake adzamange. Alamu, mwagwira ntchito, tathokoza. Takusudzulani. Mawa dzuwa lisakupezeni pano."

Palibe anatsutsa. Amayi omwe aja ankawakomera anayamba kung'ung'udza kuti zoona, mkamwini wobzala mitengo ndi woopsa. Anthu amene anadya mlamba wa a Saulos zaka zonsezo! A Mussa anaimirira mwakachetechete n'kupita kukakonza njinga yawo, poti nkhani za mbumba ya eni sizinkawakhudza.

A Saulos anapempha chinthu chimodzi. "Alamu, nyumba tengani, mpunga tengani. Mwanayu yekha ndipite naye."

"Mwana ndi wathu. Mukangomutenga, nkhaniyi ikathera kwa Bwana Disi ku boma, kuti mwaba mwana. Mukudziwa kumene amawatumiza anthu a kutsidya kwa nyanja opanda mudzi."

Madzulo ake Elenala anamufunsa Zuhura chimene chinalakwika. Zuhura, mwana ngati iye, anangonena mmene anamvera kwa akuluakulu: "Akuti wawathamangitsa ndiwe."

M'mawa a Saulos ananyamula mphasa, ukonde ndi kampeni, n'kulunjika kudoko la Kachulu. Elenala anawatsatira chapatali, akubisala m'mapira a eni. Padoko panali piringupiringu, amayi akuyanika matemba, asodzi akukangana. Anawaona bambo ake akukwera bwato lopita ku chilumba cha Chisi, ndipo anathamanga, kulowa m'matope mpaka m'chiuno, n'kugwira m'mphepete mwa bwatolo.

"Ababa, ndinalakwitsa! Ndikanena kuti ndinanama! Nditengeni!"

"Bwerera, mayi. Bwerera kwa atsibweni ako."

"Sindibwerera!"

Anthu anali atasiya ntchito, akuonerera. Pakati pawo panali mwana wamkulu wa a Gerishomo, manja ali m'chiuno, kudikira kuti aone ngati mkamwini amukweze mwanayo. A Saulos anamuona. Anayesa kumasula zala za Elenala, koma zinali zitakanirira pa thabwa. Mwini bwato anayamba kudandaula kuti mphepo ikubwera.

Ndiye a Saulos anamumenya mwana wawo. Khofi lenileni, la dzanja la msodzi, mpaka mwanayo anagwera chagada m'matope. Chibadwire anali asanamukhudzepo ngakhale ndi kaswazi. Ena padokopo anaseka.

Elenala anadzuka, matope ali m'kamwa, tsaya likuyaka. Bwato linali litayamba kusuntha, mwini wake akukankha ndi nsungwi. Bambo ake anakhala chomupenya, milomo ikunjenjemera, koma iye sanaone zimenezo. Anaona munthu amene wamuchititsa manyazi pamaso pa doko lonse.

"Pitani!" anakuwa mpaka mawu kusasa. "Pitani! Musadzabwerenso!"

A Saulos sankamukaniza kanthu mwana wawoyo. Apanso anamvera.