Mipando ya Namasupuni

Tsiku limene anakhoma chikwangwani pa damu, Mayi Mipando anali atapitako ndi wilibala monga mwa masiku onse. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewu wake, chifukwa ntchito yake inali yoluka mipando. Ankadula namasupuni, chomera chija choyandama pamadzi, kusadza masamba ndi mizu, kuyanika mapesi ake padenga la shedi, kenako kupota zingwe zimene ankakulunga pa mafelemu achitsulo. Mpando wotero ukapakidwa vanishi, palibe ankakhulupirira kuti unachokera m'madzi onunkha aja.

Anapeza anthu akuzika mapolo ndi kukoka waya kuzungulira gombe lonse. Pachikwangwanipo panalembedwa kuti namasupuni ndi chomera chowononga, ndipo malinga ndi lamulo latsopano, n'koletsedwa kumunyamula, kumusunga kapena kumugulitsa popanda chilolezo cha boma. Anawerenga, nabwerezanso, mwina n'kupezapo mawu ena omupatula iye. Munalibe. Anatembenuza wilibala, ndipo poti inali yopanda kanthu, inasokosera msewu wonse mpaka kunyumba.

Mwamuna wake anamuchingamira pakhomo, mano onse pamtunda. Kuyambira pamene fakitale yopanga malata imene ankagwirako ntchito inatsekedwa, bamboyu ankangoswera pakhonde, akukonza wailesi yosawonongeka. Lero m'manja anali ndi jombo zatsopano ndi ovolosi yopindidwa.

"Mayi, taonani izi! Boma latulutsa ndalama zoyeretsera damu. Andilemba."

"Kuyeretsa kwake kotani?"

"Kuvuula namasupuni yense, kumuunjika, kumukwirira m'dzenje. Akuti mapaipi a madzi akutsekeka ndi iyeyu, nsomba nazo zikubanika. Tikatha pamenepo tidzale mitengo ndi bango m'mbali."

"Ndiye kuti inu akulembani ntchito yokwirira ntchito yanga."

Mwamunayo anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha anaika jombozo pansi mwakachetechete.

M'shedi munali mafelemu odikira. Mwini lesitilanti ina ya pafupi ndi depoti anali ataitanitsa mipando yodzaza khonde lake lonse, ndipo mapesi otsala padenga sakanakwana ngakhale theka. Mayi Mipando anapota otsalawo mpaka kutha, manja n'kukhala opanda chogwira. Ankasesa m'shedi mosesedwa kale. Ankakhala pansi, kudzuka, kusuntha mafelemu kuchoka kukona iyi kupita kukona iyo. Pofika masana miyendo inkamutengera ku damu yokha.

Kumeneko ankaima kunja kwa waya n'kumayang'ana. Amuna ovala maovolosi ankakoka namasupuni ndi mafoloko aatali, mwamuna wake ali pakati pawo, thukuta lili kamukamu. Thirakitala inkakankhira milu m'dzenje n'kufotsera. Mapesi aatali onenepa, aja iye ankachita kuwasaka madzi ali m'mawondo, ankangopita pansi pa dothi ngati zinyalala za kumsika.

"Bambo, mtolo umodzi wokha," anatero tsiku lina mwamunayo akutsuka jombo kuseri kwa nyumba. "Mungoukulunga mu ovolosimo."

"Pageti amasecha."

"Mlonda amasecha munthu mpaka kumsana?"

"Mayi, mnzanga wina amuchotsa dzana chifukwa cha duwa limene anatengera mwana wake. Duwa!"

"Zaka zonsezi mumasamba sopo wa namasupuni, lero ndiye wakhala mdani wanu."

Mwamunayo anasiya kutsuka. Sanakweze mawu. "Ndakhala pakhonde paja nthawi yaitali, mpaka ana a mumsewu muno anayamba kundituma kuti ndiwasungire mpira. Musandibwezerepo."

Mayiyo analowa m'shedi, natulukanso osadziwa chimene anakalowera.

M'mawa mwake anavala diresi la bwino napita ku ofesi yoona zachilengedwe. Anakwera masitepe, nakhala pabenchi m'likole lalitali lonunkha penti ndi mapepala akale. Atamuitana, anapeza kuti bwana wa ofesiyo ndi mtsikana wamsinkhu wa mng'ono wake, jombo zamatope zili pansi pa tebulo, pawindo pali botolo la madzi momwe munkayandama kachitsamba ka namasupuni.

"Ndabwera kudzatenga chilolezo chija chalembedwa pachikwangwani."

Bwanayo anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene wafunsidwa funso lomwelo kambirimbiri. "Mayi, chilolezocho m'lamulo chilimo. Koma ndondomeko ya kaperekedwe kake sinatuluke ku unduna. Ndalama zimene zabwera ndi zovuulira ndi kudzalira mitengo basi. Za zilolezo akuti zidikire gawo lachiwiri."

"Ndiye chitseko mwaika, koma kiyi simunasule."

"Mwanena zoona." Bwanayo anamwetulira pang'ono, natenga botolo lija. "Koma taonani aka. Ndinakaponyamo kali kakang'ono ngati chala. Kachidutswa kotere kakagwera mu ngalande, nyengo ya mvula isanathe ngalande yonse yadzaza. Ndiye chifukwa chake sitikufuna achoke pa damu."

"Wanga amakhala wouma."

"Nanga mizu ndi masamba mumasadzira kuti?"

"Pa damu pomwepo. Nthawi zina kunyumba, mvula ikandipeza."

"Zosadzazo mumataya kuti?"

Mayi Mipando anayang'ana pawindo. Bwanayo sanakakamize. Anangoti abwerenso sabata yamawa, mwina kudzakhala kutamveka kanthu.

Anabwereradi sabata yamawayo, ndi inzake yotsatira. Tsiku lina bwana anali ku msonkhano, tsiku lina anali ku damu, tsiku lina analipo koma yankho linali lomwe lija. Benchi ya m'likole ija anafika poidziwa pamene pali msomali wong'amba zovala. Pobwerera ulendo wina anadzera ku depoti, ndipo pakhonde la lesitilanti ija anaona mipando yoyera ya pulasitiki itandandalikidwa, anthu atakhalapo akumwa tiyi. Mwini wake atamuona anazemba kulowa mkati. Mayiyo anafulumiza miyendo ngati wakuba ndi iyeyo.

Kenaka mvula inayamba mwamphamvu. M'mawa wina anadzidzimuka ndi phokoso la anthu mumsewu. Ngalande yodutsa kuseri kwa nyumba zawo inali itasefukira, madzi ofiira akuyenda pamwamba pa kamlatho n'kulowa m'nyumba ya telala woyandikana naye. Telalayo anali atanyamula makina ake osokera pamutu, mkazi wake akukoka matiresi onyowa.

Pansi pa kamlathopo panali potsekeka ndi namasupuni wobiriwira, wothithikana, wina ali ndi maluwa kale.

"Zachokera kuti izi?" anafunsa telala. "Kuno kuli damu?"

Mitu yonse inatembenukira kumodzi. Mayi Mipando anamva maso awo pakhosi. Dzala lake la kuseri kwa shedi linali pamalo otsetsereka, ndipo m'munsi mwake ndi momwe munkadutsa ngalandeyo. Anathamangira m'shedi, natenga zenga, namanga diresi m'chiuno, nalowa m'madzimo. Anali ozizira, ndipo ankamukankha m'ntchafu. Anadula, kukoka, kuponya pamtunda, osayang'ana munthu.

Posakhalitsa anamva madzi akuvunduka kumbuyo kwake. Anali mwamuna wake, atavala jombo za boma, foloko ya kumunda ili m'manja.

"Muchedwa ku ntchito," anatero mayiyo osatembenuka.

"Ntchito yake ndi yomweyi. Kungoti lero ndikuigwira ulere."

Anagwira mpaka dzuwa kufika pamutu. Madzi atayamba kulowa pansi pa mlatho ndi mkokomo, telala anabwera ndi thumba n'kuyamba kuwolera zovuulidwazo, ngakhale nkhope inali idakali yomanga.

Wina anali ataimbira foni ku ofesi, chifukwa galimoto ya boma inafika anthu asanabalalike. Bwana wamkazi uja anatsika, nayang'ana mulu wa namasupuni, natsatira ngalande ndi maso mpaka pa dzala. Mayi Mipando anaima pambali, matope mpaka m'zigongono, akudikira kumva za chindapusa.

"Ndilemba lipoti, sindingachitire mwina," anatero bwanayo. "Ndilemba kuti ndakuchenjezani. Koma ngalande iyi muiyeretse mpaka ku mlatho wa kumunsi, ndipo dzalalo mulitenthe lero lomwe."

"Ndamva, bwana."

Bwanayo anasuzumira m'shedi. Munali mipando iwiri yomalizidwa pakati pa mafelemu opanda kanthu. Anayendetsa chala pa zingwe zake.

"Lamulo likuletsa kutulutsa namasupuni ali wamoyo," anatero ngati akudziyankhulira. "Sindikukumbuka pamene likuletsa kumuyanika ndi kumulukira mkati mwa mpanda wa damu. Ifenso mafuta a thirakitala akutithera, maenje sitikwanitsa kukumba onse." Anatembenuka. "Musasangalale msanga. Ndikafunse kaye akuluakulu."

Kufunsako kunatenga nthawi. Mayi Mipando ankayendera foni yake ngati mphika uli pamoto, kuiyang'ana ngati yazima, kuikweza m'mwamba kufuna netiweki pomwe netiweki inalipo. Yankho lisanabwere, kunabwera zina. Gawo lachiwiri la ndalama za boma linachedwa, ndipo ogwira ntchito ku damu anauzidwa kuti adikire kunyumba. Mwamuna wake anabwerera pakhonde paja, koma tsopano sankatha kukhazikika. Ankapukuta jombo zowala kale, kupita ku damu kukafunsa mlonda, kubwera, kupitanso.

"Akumeranso," ankatero akafika. "Pamene tinatsegula paja, pamene abakha am'madzi anayamba kutera, patsala kampata kokha. Thukuta lonse lija!"

Mayiyo anadabwa kuona kuti nkhaniyo sinamukondweretse. Kale akanati Mulungu wamva. Tsopano ankangoona matiresi a telala ali padenga, osaumabe.

Foni inalira ali ku mpopi. Akuluakulu avomera, anatero bwana, koma mongoyeserera. Kudula, kusadza, kuyanika ndi kuluka, zonse zichitikire mkati mwa waya. Chotuluka pageti chikhale mpando wouma wopakidwa vanishi, osati china. Mayi Mipando anasiya ndowa ikusefukira n'kuthamangira kunyumba.

Ku damu anamanga tenti ya lona pafupi ndi dzenje lija, nakoka zingwe zoyanikira pakati pa mapolo. Mwamuna wake, poti analibe kopita, ndiye ankalowa m'madzi kumuvuulira.

"Bwana wanga tsopano ndinu," anatero akutula mtolo. "Malipiro ake ndi liti?"

"Adikire gawo lachiwiri."

Anaseka onse awiri, koyamba chiyambire mvula. Mwamunayo anakhala pansi n'kuvula jombo kuti akhuthule madzi.

"Koma ndalama zikabwera tidzamutha ameneyu, mayi. Akuti abweretsanso tizilombo tomudya. Ndiye mudzaluka chiyani?"

"Muyambe mwamutha."

Anayankha mwachangu, koma funsolo linamukhala. Manja ankapota chingwe, maso ali pamadzi. Mbali ina ya mtima inkafuna kuona damu lonse litatseguka, ina inkawerengera mipando imene idakali kuyandama pamenepo. Cha kumtunda, m'mbali mwa gombe, bango limene anyamata a boma anadzala linali litagwira, likugwedezeka ndi mphepo. Analiyang'anitsitsa.

Bwana wamkazi, amene anabwera kudzaona mmene zikuyendera, anatsatira maso ake.

"Mayi, musayambe."

"Ndangoyang'ana, bwana."

"Bango limenelo ndi losefa madzi. Lisiyeni likule kaye, za kudula tidzakambirana."

"Ndiye kuti tidzakambirana."

Mpando woyamba utauma vanishi, anausenza pamutu kulowera ku geti. Mlonda, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, anamuimitsa ndi ndodo yake. Anauzondotsa, nasuzumira kunsi, nakanda zingwe ndi chikhadabo kufuna kobiriwira, naununkhiza. Kenako anauimika bwinobwino n'kukhalapo, miyendo n'kutambasula.

"Achimwene, wogula akundidikira."

"Ndikuyeza kaye ngati wauma."

"Wauma."

"Lamulo silifuna phuma, mayi," anatero mlondayo, akutsamira bwino.

Mayi Mipando anaima pomwepo, phazi likugunda pansi, akuyang'ana msewu kenako tenti, kumene mapesi ena anali padzuwa ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana. Anakuwira mwamuna wake kuti aanule msanga. Atatembenuka, mlonda anali atadzuka, akutsegula geti.

"Wachiwiri mudzapange wotsamira kwambiri," anatero. "Msana wanga si wa dzana."