Zaka za Bambo wa M'funso

Mlongo wake ankamutcha Pulofesa, ngakhale kuti kukoleji anangonunkhizako chaka chimodzi n'kubwerera kudzakhala pa makina osokera a malemu bambo awo. Masana amenewo mtsikanayo anadzikhazika pa mulu wa nsalu, buku lili pamiyendo. Mawa lake kunali mayeso a masamu, ndipo mayi anali atagamula kale kuti akalepheranso, sukulu yathera pomwepo, azikalera ana kwa azakhali. Pulofesa sankafuna kuti nyumba imodzi ikhale ndi osiyira panjira awiri.

"Werenga," anatero, mapini ali kukamwa.

"Zaka za bambo wina n'zochuluka katatu kuyerekeza ndi za mwana wake. Pakatha zaka 12 zidzakhala zochuluka kawiri. Pezani zaka za mwanayo." Mtsikanayo anausa moyo. "Achimwene, osangomufunsa mwanayo bwanji? Alibe pakamwa?"

"Ndi wamanyazi. Mutche x."

"Dzina ngati limenelo nanenso ndikanabisala."

"Nanga bambo ake?"

"Ma x atatu. Koma mayi ake analimba mtima."

"Lemba 3x, iwe. Ndi munthu mmodzi. Funso lili ngati diresi: yamba wadula zidutswa, kulumikiza n'kwapambuyo."

Anabwerera ku thalauza la kasitomala, makina n'kumalira. Posakhalitsa buku linatera pamwamba pa thalauzalo. Munalembedwa kuti 3x = 2(x + 12).

"Mwana ali ndi zaka 24, bambo 72. Ndatha. Ndibwerekeni dipuloma yanu ija ndijambulitse nayo."

"Ili kochapitsa." Pulofesa analoza ndi lumo. "Mwanayu wamuwonjezera 12. Nanga bambowa? Zaka zikungodutsa kwa mwana yekha, iwo ali kuti?"

Mtsikanayo anayang'anitsitsa mzerewo, kukamwa kuli yasa.

"Ndinaiwala kuti abambo amakula," anatero motsitsa mawu.

Phazi la Pulofesa linachoka pa chopondera. Kunja wina ankakhoma malata. Anafuna kunena chinachake chanzeru, chonga cha munthu amene anapondako kukoleji, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Am'funsowa ali moyo. Apatse zawo."

Mtsikanayo analembanso pang'onopang'ono: 3x + 12 = 2(x + 12). Anawerengera pa zala, milomo ikugwedera.

"Mwana 12, bambo 36." Anapukuta mphuno ndi kansalu kotsala. "Mwawabera, achimwene. Ine ndinawapatsa 72, ndi imvi zomwe, ndi ndodo. Akanaona ndi zidzukulu."

"Za ndani? Iwe zako ndi mayeso."

"Zanu. Ngati alipo amene angalole telala wokhotetsa mathumba."

"Mawa ukawapatse 36. Wochonga mayeso sadziwa chisoni."

Mtsikanayo anatembenuza pensulo kuti afufute yankho loyamba lija. Pulofesa anamugwira dzanja.

"Asiye akalambe. Funso lotsatira ulembe m'munsimu."